Mphaka Wathu ndi Anapiye a Mnansi

Kwathu kuno ku Kabwazi m'boma la Dedza, nkhokwe zikadzaza m'mwezi wa Juni makoswe nawonso amasamukira pakhomo. Chaka china tidakolola bwino chimanga ndi nyemba, koma pofika mu Ogasiti tidayamba kupeza zitsononkho zokhazokha pansi pa nkhokwe. Tidatchera misampha osaphula kanthu, ndipo mankhwala a makoswe tidawaopa chifukwa cha ana ndi nkhuku. Potsiriza tidakapempha kamwana ka mphaka kwa abale athu ku Lobi, nkubwera nako panjinga.

Kamphakako kadakula, makoswe adatha, ndipo ife tidakondwa kwambiri. Koma tiyenera kuvomereza kuti sitidamsamale mphakayo monga chiweto. Tinkakhulupirira zimene ambiri amanena, kuti mphaka wokhuta sagwira khoswe, choncho tinkangomponyera mkute tikakumbukira. Usiku ankagona kumene wafuna. Tsopano tidazindikira kuti mphaka amasaka ngakhale atakhuta, pakuti kusaka ndi chibadwa chake. Njala imangomtumiza kutali ndi kwawo. Akatswiri amati makolo a amphaka athu adali avumbwe amene adayandikira nkhokwe za anthu m'maiko a ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, potsata makoswe. Chibadwa cha vumbwe chikadalimo mwa mphaka mpaka lero, ndipo iye sadziwa pamene pathera bwalo la mbuye wake.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala mayi wamasiye, Mkhristu mnzathu, amene akulera adzukulu atatu. Mayiyu alibe ng'ombe kapena mbuzi. Chuma chake ndi nkhuku, ndipo akagulitsa imodzi pamsika wa Kabwazi ndiye kuti wapeza sopo, mchere, makope a ana ndi chopereka cha Lamulungu. Thadzi lake lidaswa anapiye 11, koma patangotha mlungu umodzi adatsala anayi. Poyamba ankaganizira kabawi, kufikira m'mawa wina pamene mdzukulu wake adaona mphaka wathu atanyamula mwanapiye kukamwa, akulowa kunsi kwa nkhokwe yathu.

Apa mpamene pali tchimo lathu. Ife tidali titaona kale tinthenga kunsi kwa nkhokweyo kawiri konse. Tidasesa, nkukhala chete. Mumtima tinkadzitonthoza kuti mphaka ndi nyama yopanda nzeru, ndiponso kuti palibe munthu amene adamangapo mphaka chingwe ngati mbuzi. Nthawi ya dzinja amfumu amalamula kuti mbuzi zimangidwe, ndipo mbuzi ikadya mmera wa mwini mlandu wake umadziwika. Koma za mphaka sitidamvepo lamulo, tsono tidabisala m'menemo.

Mayi uja sadabwere kudzadandaula. Koma moni wake adayamba kufupika, ndipo m'tchalitchi adaleka kukhala pafupi ndi mayi wa kunyumba kwathu monga ankachitira kale. Ana athu ndi adzukulu ake adatukwanizana kumjigo. Tsiku lina mphaka adabwera akutsimphina, atagendedwa mwala. Choopsa koposa chidadza pambuyo pake. Mphakayo ankalira usiku padenga la mayiyo, monga amachitira amphaka akamafunana, ndipo anthu ena adayamba kunong'onezana kuti mphaka wotere sayenda yekha, ndi wochita kutumidwa. Amene adakulira kumudzi akudziwa kuti mawu otere ndi moto wa m'tchire la mu Okutobala. Lamulo la dziko lino la m'chaka cha 1911 lidaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo mpingo nawonso umaletsa, koma mphekesera siyembekezera lamulo. Mabanja awiri amene adakhala mwamtendere zaka zambiri adatsala pang'ono kudana chifukwa cha kanyama kosadziwa kanthu.

Mgonero wa Ambuye utayandikira, mkulu wa mpingo wa mlaga wathu adatichezera. Adali atamva zonse, ndipo atatha kupemphera adatifunsa ngati tidali okonzeka kukhala pagome limodzi ndi mnansi wathu. Ife tidayesa kudzikanira, nkunena mwanthabwala kuti m'mabuku onse 66 a m'Baibulo mphaka satchulidwamo. Iwo adavomera kuti nzoona, koma adatitsegulira Eksodo 22:5, pamene chilamulo chinena za munthu wolekerera chiweto chake kukadya m'munda wa mnzake, ndi kuti mwini chiwetoyo abweze kuchokera pa zokolola zake zabwino koposa. Adatifotokozera kuti chilamulocho sichiimba mlandu nyama, koma munthu amene adaitenga kuti imthandize. Adatikumbutsanso chiphunzitso cha pa Mateyu 5:23-24, chakuti wokumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa ayambe wakayanjana naye asanapereke mphatso yake. Potsazika adangoti, "Walira mvula walira matope. Makoswe adakutherani, tsono matope ake musasiyire amasiye."

M'mawa mwake tidagwira misoti iwiri, nkupita tonse awiri pamodzi ndi mwana wathu wamkulu. Titaodira adatiyalira mphasa, ndipo tidati, "Amayi, tabwera kudzagwira mwendo. Mphaka wathu adakudyerani anapiye, ndipo ife tidaona nthenga koma sitidanene." Mayiyo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Bambo, anapiye ndidawalira, koma nkhuku zimaswanso. Chimene chinkandisowetsa tulo nchakuti anthu opemphera nawo limodzi adziwe, nkumandipatsa moni ngati palibe kanthu. Ndinkati kapena nchifukwa choti pakhomo pano palibe mwamuna." Mawu amenewa adatilasa mtima, chifukwa adali oona. Akadakhala anapiye a amfumu, bwenzi titathamangira komweko tsiku loyamba lomwelo.

Adatiuzanso kuti mdzukulu wake adafuna kuika poizoni m'kansomba kuti mphakayo afe, koma iwo adamletsa, popeza galu kapena mwana wokwawa akadatha kutola nsombayo, ndiponso mphaka yemweyo adali atamaliza makoswe a m'nyumba mwawo. Misoti adalandira, ndipo Lamulungu la Mgonero amayi awiri aja adakhalanso pa benchi limodzi.

Kuyambira pamenepo tidasintha kasungidwe ka mphaka. Timampatsa chakudya m'mawa ndi madzulo, nsima ndi timitu ta usipa. Dzuwa likamalowa timamtsekera m'chipinda chosungiramo matumba a chimanga, momwe muli ntchito yake, ndipo timamuikira kabeseni ka mchenga kuti asamakaipitse m'dimba la eni kapena posewerera ana. Mbandakucha ndi madzulo ndiyo nthawi imene mphaka amasaka kwambiri, choncho timamtsegulira dzuwa litakwera. Mnansi wathu naye amavundikira anapiye ndi dengu kufikira atakhwima. Alangizi a ziweto akalengeza katemera wa chiwewe timamtengera mphakayo pamodzi ndi galu, chifukwa ngakhale chiwewe chimafala kwambiri ndi agalu, mphaka woyendayenda naye angathe kuchitenga, ndipo munthu chikayamba kuonekera mwa iye sachira. Tidaphunzitsa ana kuti wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nkufulumira kuchipatala tsiku lomwelo.

Palinso nkhani ya ana a mphaka. Mphaka wamkazi amakhala ndi bere milungu 9 yokha, ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Ambiri amataya tianato kutchire kapena pamsika, ndipo timene tapulumuka timasanduka amphaka opanda mwini, odya nkhunda ndi anapiye a mudzi wonse. Ife timayamba tafunsa amene akufuna, ndipo timapereka kwa okhawo amene alonjeza kusamala.

Sitinena kuti zonse zidatheratu. Masana mphaka amayendabe, ndipo chaka chotsatira adagwiranso mwanapiye mmodzi. Koma tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, tidali titafika kale kwa amayi aja, ndipo tidasiyana tikuseka.

Makolo anzathu, ana athu amaona zimene timachita ndi tinthenga topezeka kunsi kwa nkhokwe. Mwana wathu wamkulu adationa tikusesa, ndipo nchifukwa chake tidamtenga kuti akationenso tikupepesa. Inu achinyamata, mphaka wa eni akakulakwirani musamgende kapena kumthira poizoni; uzani makolo kuti akakambirane ndi mwini wake. Ndipo inu amene muli ndi mphaka pakhomo, kodi mukudziwa kumene adagona usiku wathawu, ndi chimene adadya m'mawa uno? Ngati mnansi wanu wayamba kufupikitsa moni, musayembekezere kuti ayambe ndiye kubwera.