Galu wa pansi pa nkhokwe ku Chitala

Tinafika ku Chitala, m'boma la Salima, kutatsala masiku awiri kuti chaka chithe. Mvula inali itagwa usiku, koma dzuwa la kunyanja silimva zimenezo. Mtedza unali utamera m'minda yoyandikana ndi malo ofufuzira za ulimi, ndipo ana obwera kutchuthi kuchokera ku Lilongwe anali piringupiringu pansi pa mitengo ya mango.

Pakhomo pamene tinafikira panali galu wofatsa, wodya nsima yotsala m'manja mwa agogo. Usiku wolowera Chaka Chatsopano makombola atayamba kuphulika, anathawira pansi pa nkhokwe akunjenjemera. Mdzukulu wina wa m'tauni anamulondola kuti amunyamule. Galu wamantha sadziwa mbale. Anamuluma padzanja.

Tinatsuka balalo ndi sopo, tikuthira madzi ambiri kwa mphindi 15.

"Agogo, kodi galuyu anabayidwa katemera wa chiwewe?"

"Anabwera a zaziweto, koma ndi chaka chiti kaya, ana inu."

Sitinadikire. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika, choncho kutangocha mwanayo anali kale pa kabaza kupita kuchipatala.

Madzulo ake makombola otsala analirabe. Ulendo uno galuyo tinamulowetsa m'khitchini dzuwa lisanalowe, tinamuyalira thumba ndi kumuikira madzi m'mbale. Mafupa a nkhuku yophika, amene ana anamusungira mwachikondi, tinawakwirira, popeza amasweka n'kubaya m'matumbo. Tinapangana ndi agogo kuti Sabata likangopita tikafunse za katemera kwa alangizi a ziweto.