Mlambe wa ku Shupanga

Tili ana a sukulu kwa Mwase kuno ku Lundazi, dzina la David Livingstone tinkalitchula ngati la agogo athu. Aphunzitsi athu, amene anaphunzira kwa amishoni ku Chasefu, ankakonda nkhani ya mkango umene unamuteketa mkono ku Mabotsa mu 1844. Ankagwira phewa lawo lamanzere n'kulendewetsa mkono, ife maso ali tong'o. Ankatiuzanso kuti mu Disembala 1866 munthuyu anawoloka Luangwa, mtsinje womwewu umene amalume ankapitako kukagula nsomba zouma. Koma tsiku lina mvula itatitsekera m'kalasi, madontho akugwera pa masileti, aphunzitsi anatseka buku n'kuti, "Lero ndikuuzani za mkazi wake."

Dzina lake anali Mary, mwana wa mmishoni Robert Moffat. Anabadwira ku Griquatown mu 1821, ndipo Chitswana ankachilankhula ngati choyamwira. David atapita ku Kuruman kukachira mabala a mkango aja, mtima unagwa pa Mary, n'kukwatirana mu Januwale 1845. Kuchokera pamenepo mayiyo sanakhalenso pansi. Anadutsa chipululu cha Kalahari pa ngolo ya ng'ombe ali woyembekezera, ana akulirira madzi. Khanda lawo Elizabeth linamwalira ku Kolobeng mu 1850 litangotha masabata ochepa. Mu 1852 mwamuna wake anamukweza sitima ndi ana anayi kupita ku Britain, dziko lozizira limene sankalizolowera, ndipo anakhalako zaka zinayi akusamukasamuka m'nyumba zalendi, ndalama zosakwana, makalata osafika.

Mwamunayo anabwera chakumapeto kwa 1856, ndipo chaka chotsatira buku lake la Missionary Travels and Researches in South Africa linagulidwa ngati ufa m'chaka cha njala. Dzina linamveka dziko lonse. Koma banja silinakhalitse pamodzi: mu 1858 analekananso, Mary n'kukaberekera Anna Mary kwa makolo ake ku Kuruman. Kumayambiriro kwa 1862 anamulondola mwamuna wake ku Zambezi. Miyezi itatu yokha, malungo anamugwira, ndipo pa 27 Epulo anatsikira kuli chete ku Shupanga, ali ndi zaka 41. Anamuika pansi pa mlambe waukulu. Aphunzitsi atafika apa anatsitsa mawu, nati munthu wosaopa mkango uja analira ngati mwana.

Tsikulo ine ndinkangofuna mvula ikate ndikasewere mpira wachikulunga. Nkhaniyi inandipeza mochedwa, nditakula.

Inenso ndinakwatira, ndipo chaka chisanathe ndinakwera lole kupita kumigodi ku Mufulira. Akazi anga anatsala pamudzi ndi khasu. Analima mtedza ndi chimanga, anafolera nyumba okha, anaika mwana wathu wachiwiri m'manda ine ndili pansi pa mgodi, kalata n'kundipeza mwambo utatha kalekale. Ndikabwera pa Khirisimasi ndi bulangete ndi chitenje chatsopano, anthu ankandiunjirira kuti ndiwasimbire za ku Kopala, akazi anga ali kuseri akusinja. Palibe amene ankawafunsa za chaka chawo. Ngakhale ine sindinkafunsa. Ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a ana, madzi osamba ndaika kubafa," ndipo madziwo ankakhala ofunda bwino, sopo ali pamwala, chopukutira chili pa tsekera.

Mulungu anandichitira chifundo chimene Livingstone sanachione. Nditasiya ntchito tinakhala limodzi zaka zambiri, tikukazinga mtedza madzulo ndi kukangana za mbuzi zolowa m'dimba. Livingstone uja anatsala yekha zaka khumi ndi chimodzi, akuyendabe, mpaka anafera kwa Chitambo mu 1873. Mtima wake anaukwirira komweko pansi pa mtengo, antchito ake Susi ndi Chuma ndi anzawo n'kunyamula mtembo kukafika kunyanja ya mchere, ndipo lero agona ku Westminster Abbey. Mary anatsala ku Mozambique, m'mphepete mwa Zambezi, kutali ndi mwamuna wake ngati momwe zinkakhalira ali moyo. Zimenezi zimandiwawa mpaka pano.

Akazi anga agona kumsitu wa kumanda, kutsidya kwa dambo. Pamene tinkawaika ndinawauza adzukulu kuti asiye malo kudzanja lawo lamanja, ndipo chaka chilichonse mvula ikamayandikira ndimatuma mnyamata kuti akalambule malo onse awiri.