Pansi pa Sudbury, mpweya ndi wogula

Kuchoka ku Toronto kulowera kumpoto, msewu wa makilomita pafupifupi 400 umakufikitsani ku Sudbury, mzinda wa ku Canada womwe unakula ndi miyala ya nickel. Alendo ambiri amangojambulitsa pa Big Nickel, chindalama chachitsulo chotalika mamita 9, n'kubwerera. Ine ndinapatsidwa chipewa cha tochi ndi majombo, n'kulowa m'chikepe cha mgodi wina limodzi ndi a shifiti ya m'mawa.

Titafika pansi ndinadabwa ndi chimphepo. Chimawomba osaleka, ndipo sichichokera kwa Mulungu: amachikankha ndi mafani akuluakulu odya magetsi usana ndi usiku. Nyengo yozizira amayambanso autenthetsa mpweyawo usanatsike. Injiniya amene ankandiyendetsa anati m'chigawo cha Ontario mlingo wodziwika ndi mpweya wa makyubiki mita 0.06 pa sekondi pa kilowati iliyonse ya injini ya dizilo. Mukagula injini yaikulu, mwagulanso chimphepo chake.

Tinapatukira chimakina chokokolera miyala chomwe kuno amati scoop. Chinadutsa chikubangula, koma utsi wakuda sindinauone. Si kuti eni migodi angokoma mtima. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya WHO, linagamula kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo mu September 2023 boma la Ontario linatsitsa mwaye wololedwa m'migodi kuchoka pa mamiligalamu 0.4 kufika pa 0.12 pa kyubiki mita. Mwaye wake ndi ngati uja umadetsa denga la khitchini kumudzi, kungoti uwu ndi wosalala kwambiri moti umalowerera mpaka m'kati mwa mapapo.

Ku galaja ya pansi pomwepo ndi kumene ndinamva mbali inayo. Injini za mlingo wa Stage V wa ku Ulaya, womwe unayamba mu 2019, zimabwera ndi sefa yogwira mwaye, ndipo zazikulu zimafunanso madzi a urea, aja a AdBlue, ochepetsera mpweya woipa wa nitrogen oxides. Makaniko wina, bambo wachikulire, anapukusa mutu. Anati sefa imafuna kutentha kwambiri kuti iwotche mwayewo. Makina akamangolira osagwira ntchito yolemetsa, imatsekeka. Madzi a urea nawo ayenera kutsitsidwa m'chikepe. Ndipo mukathira dizilo wa salifa wochuluka, zida zonsezi zimawonongeka msanga. Kuno salifa wa mu dizilo wawo sapitirira magawo 15 pa miliyoni. Apa ndinaganiza za migodi ya kopa ya ku Kitwe ndi Mufulira: wofuna injini yotere ayambe wafunsa za dizilo amene ali mu thanki.

Ena angoganiza zomusiyiratu dizilo. Mgodi wa golide wa Borden, pafupi ndi Chapleau, unatsegulidwa mu 2019 ndi makina a batire, ndipo kampani ya Glencore yasankha zomwezo ku mgodi wa Onaping Depth, kufupi ndi Sudbury komweko. Koma migodi yakale singataye makina onse tsiku limodzi, ndipo kwa iyo ine ndikuona kuti injini yotchipa ya utsi ndiyo yodula, chifukwa bilu imabwerera ku mafani ndi ku chipatala.

Lamulo nalo silinaime. Ku European Union mlingo wa mwaye m'migodi ya pansi ndi mamiligalamu 0.05 kuyambira pa 21 February 2026.