Moto Wofuka ndi Moto Wolilima

Mnyamatayo analowa m'chipinda choyeseramo makina ali ndi masamu onse m'mutu. Ankadziwa kuti magawo 21 pa 100 alionse a mpweya ndi okosijeni, ndiponso kuti kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti ipse yonse. Koma mphunzitsi wake, bambo wachikulire wa manja othimbirira ndi oilo, sanafunse za masamuwo. Anayatsa kachipangizo ka gasi kotchedwa ndi dzina la Robert Bunsen, kamene kanakonzedwa ku Heidelberg m'chaka cha 1855, natseka kabowo kolowera mpweya. Lawi linasanduka lachikasu, ndipo galasi limene analiika pamwamba pake linada ndi mwaye.

"Mwana wanga, motowu ukutani?"

"Ukuyaka, aphunzitsi."

"Kuyaka kokha? Mayi ako akadayankha chomwecho?"

Funso limeneli ndi la chinenero monga momwe lilili la umisiri. Mabuku a Chingerezi amene ophunzira otere amawerenga amakuta zonse ndi liwu limodzi lakuti combustion. Chichewa chimagawa nkhaniyi kwa aneni angapo: nkhuni zaziwisi zimafuka, moto wopeza mpweya wokwanira umalilima, makala amanyeka, ndipo chimene chapanikizika chimaphulika. Mneni aliyense akunena kanthu za kuchuluka kwa mpweya ndi liwiro la moto, kotero kuti mayi wokupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto akugwira ntchito yomwe kabureta imagwira m'galimoto zakale.

Mnyamatayo anauzidwa kuti atsekule yekha kabowo kaja. Anakapotoza pang'onopang'ono, chikasu chinatha, lawi linakhala lobiriwira ngati thambo, nayamba kumveka kulilima kwake. Pamenepo anakumbukira amalume ake, amene usiku wina wozizira wa mwezi wa June anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mawindo, osadzukanso. Pamaliro anthu ankati utsi ndiwo unawapha. Komatu utsi panalibe. Makala ankanyeka bwinobwino. Chinawapha ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu, umene umabadwa moto ukaperewedwa okosijeni. Apa Chichewa, ndi aneni ake onse aja, chinalibe liwu, pakuti chinatcha maina zimene maso ndi mphuno zimazindikira.

Anzake atatuluka, iye anatsalira, napempha mphunzitsiyo kuti amuonetse kagwiridwe ka chipangizo choyezera mpweyawo.