Adabzala kapinga wa gofu ndani?

Masewero a gofu si a anthu a ku Milange. Kuno anthu amadziwa mpira wamiyendo ndi bawo basi. Koma mphunzitsi wina wopuma pantchito, yemwe amakhala m'tsinde mwa phiri la Tumbine, watha zaka zitatu akufufuza mbiri ya masewerowa, ndipo anzake amamuseka kuti wasowa chochita.

Chidamuyambitsa ndi nkhani ya agogo ake aamuna. Monga Alomwe ambiri, gogoyu adawoloka malire kuthawa ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi n'kukalembedwa m'minda ya tiyi ku Mulanje, komwe Henry Brown adayamba kubzala mbewuyi m'chaka cha 1891. Chaka chomwecho n'chimene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire amene adagawa abale pawiri. Koma gogoyu sadathyoleko tiyi. Kapitawo adamutumiza kubwalo la gofu la azungu a m'maesiteti, kukazula zitsa, kusalaza zulu ndi kubzala kapinga.

Mphunzitsiyu adayamba ndi mabuku, ndipo adapeza kuti kwawo kwa gofu, ku Scotland, wosamala bwalo ndi munthu wotchuka. Old Tom Morris, yemwe adabadwa mu 1821 n'kumwalira mu 1908, adakonza bwalo la Prestwick mu 1851, kenaka adasamala la St Andrews kwa zaka pafupifupi 40. Iyeyu ndiye adafalitsa nzeru yowaza mchenga pakapinga wa pafupi ndi dzenje kuti pakhale posalala. Mbiri yake idalembedwa, zithunzi zake zilipo, ngakhale manda ake anthu amakawaona.

Atawerenga izi, mkuluyu adawoloka pa Muloza kupita kukalabu komwe agogo ake ankagwira ntchito. Adamulandira bwino ndithu. Pakhoma adaona matabwa olembedwa mayina a opambana zikho, chaka ndi chaka. Dzina la munthu wa khasu kapena chikwakwa panalibe ngakhale limodzi. Kwawo nakonso mapepala adatha: matikiti a ntchito omwe gogoyu ankasunga m'kachitini adapsera m'nyumba mu 1986, pamene nkhondo idafika ku Milange banja lonse n'kuthawira ku Malawi.

Buku lomwe latsala ndi azakhali ake, mayi wokalamba amene maso adachita khungu koma mutu ukadali bwinobwino.

"Azakhali, kodi agogo ankatani kwenikweni kubwalo kuja?" adafunsa tsiku lina.

"Iwe mwananga, ntchito yake inali ya mchenga," adayankha mayiwo. "Tinkautapa kumtsinje, ife ana ndi amayi, kusenza m'madengu. Bambo ankausefa ngati ufa, kuwaza pakapinga, kenaka kukokapo chisaka. Mzungu akafika ankagwada, kuyang'ana ndi diso limodzi. Kampira kakapatuka, tsiku limenelo tikiti sankaidinda."

Apa mphunzitsiyu akuti adangoti kakasi. Nzeru ya Morris ija, yomwe adaiwerenga m'buku la chingerezi, azakhali ake adaisenza pamutu ali mwana, osadziwa n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Scotland. Ndipo tsiku losadindidwa silinali nkhani yamasewera ayi, poti malipiro ankabwera tikiti ikadzaza, ndipo msonkho wa nyumba unkadikira ndalama yomweyo.

Ena anganene kuti amene adajambula bwalo ndiye mwini luso, enawo anali manja chabe. Koma kujambula n'kwa sabata imodzi. Kudziwa kuti mvula ya ku Mulanje ikokolola pati, chiswe chituluka pati, kapinga uti apirira mwezi wa Okutobala, zimenezo adazidziwa ndi amene ankalawirira pabwalopo mame asanaume.

Tsopano mkuluyu amayenda ndi kope la ana asukulu m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire, kulemba mayina a omwe adagwirako ntchitoyi. Vuto n'lakuti ambiri akukumbukidwa ndi mayina opatsidwa ndi azungu, enieniwo adaiwalika. Akufuna kukafika ku Zomba, kosungira zakale za boma la Malawi, mwina mabuku a malipiro a m'maesiteti angapezeke. Ndalama yoyendera akudikira akagulitsa nandolo.

Azakhali aja amuuza kuti asachedwe, chifukwa pali mayina ena awiri omwe akuwabwerera usiku n'kuwathawanso kukacha.