Cilimba ca ma Share

Tili anayi, tonse a ku Matero, ndipo timalemba tunkhani twa umoyo wa mu komboni n'kutuika pa Facebook. Timalemba za kondakita amene amaiwala cenji mwadala, za mzele wa mabaketi pa pompi m'mamawa, za landilodi amene amagogoda pa 1 tambala asanalile. Tinayamba mu 2024, caka cimene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambili tsiku lililonse. Nkhani zambili tinazilembela mu mdima, diso limodzi pa mawu, lina pa batili.

Vuto linali owelenga. Nkhani imene tacezela nayo usiku wonse inali kupeza ma like 11. Tikacotsapo athu anayi, na ya msuweni wa mmodzi wa ife wa ku Chipata amene saphonya ciliconse, otsala anali owelengeka pa zala. Aliyense amene anaikapo nyimbo yake, kavidiyo kapena mafoto a salaula pa intaneti adziwa mmene cimawawila. Umatsegula foni pafupi-pafupi, ma bundle akutha, koma kuli zii.

Tsiku lina mnzathu wa ku sukulu anatiika mu gulu lina pa WhatsApp. Munali anthu opitilila 200: oimba, ogulitsa mawigi, ojambula, a makeke, alaliki acinyamata. Malamulo anali osavuta. Pa 19 hours aliyense aika link yake. Ukaika yako, usheya za anzako asanu, ulaika, ulemba komenti, ndiyeno utuma screenshot monga umboni. Ukalephela kawili, ba admin akucotsa. Pa Cizungu magulu otele amachedwa engagement pods, koma ife tinangoona cilimba. Amayi athu acita cilimba pa msika kwa zaka: azimayi 10, aliyense K100 pa wiki, mmodzi atenga K1,000, wiki yotsatila atenga wina. Ena a ife tinalipililiwa mayeso na ndalama za cilimba. Conco tinati, kupatsa n'kuika, tiyeni tiloweko.

Milungu yoyamba inali yokoma. Ma like anacoka pa 11 kufika pa 80, nthawi zina kupitilila 100. Tinagula macipisi pa kona n'kudyela pamodzi monga anthu amene apata nchito. Tinayamba kukambilana za kulemba buku.

Cinayamba kutidabwitsa ni makomenti. Onse anali ofanana: "Nice one", kamoto, manja owomba. Mmodzi wa ife analemba za malilo a ambuye ake, mmene banja linavutikila kupeza bokosi na galimoto yopita ku Chingwere. Anailemba akulila. Pansi pake anthu anaika kamoto, wina anaika nkhope yoseka, wina analemba kuti "Keep it up". Sitinakwiye nawo kwambili, cifukwa tinali kudziwa mmene ife timalembela makomenti pa zinthu zawo. Tinali kucita cimodzi-modzi, cala cili kuthamanga, maso ali pa nthawi.

Ndiye tinaganiza zoyesa. Pakati pa nkhani yotsatila, m'ndime yacinayi, tinalemba kuti amene wawelenga mpaka pano atitumile uthenga, timugulila talk time ya K20. Tinali na mantha kuti ndalama sizikwana. Nkhaniyo inasheyedwa maulendo oposa 40. Anatuma uthenga anali awili cabe: msuweni uja wa ku Chipata, na mayi wina amene sitinali kumudziwa, amenenso sanali mu gulu. Pa anthu onse aja a pa WhatsApp panalibe olo mmodzi.

Apa m'pamene tinayamba kumvetsa. Ma share athu anali kuzungulila pa anthu amodzi-modzi, ndipo onse anali ogulitsa, panalibe wogula. Zinali monga msika umene aliyense ali na tebulo lake, afuula mitengo kwa mnzake wa tebulo lina. Nayenso Facebook sagona. Mu December 2017 analengeza kuti adzayamba kubweza kumbuyo ma post opempha anthu kuti alaike kapena asheye. Makina ake amayang'ana zimene anthu amacita kuti asankhe woonetsa post yako. Ngati amene amalaika nkhani zako ni anthu osaziwelenga, makinawo uwasoceletsa wekha, ndipo amapeleka nkhani yako kwa anthu olakwika.

Panalinso cina cimene sitinacione msanga. Anzathu eni-eni anayamba kutilambalala. Munthu akabwela pa dzina lathu kuti awelenge, anali kupeza mankhwala ocepetsa mimba, ma odds a kubecha, maphunzilo a forex. Nkhani zathu zinali kumila pansi pa katundu wa eni ake.

Ngakhale n'telo sitinacoke mu gulu. Manambala amakoma, olo udziwe kuti mkati mulibe kanthu. Cimene cinatitulutsa ni cina.

Usiku wina malaiti anali atapita kuyambila masana, foni ya mmodzi wa ife yatsala pang'ono kuzima, ndipo ba admin anali atayamba kale kuitana maina a amene sanatume screenshot. Anasheya ma link asanu mofulumila osatsegula olo imodzi. Ife atatu tinasheya kucokela kwa iye. Imodzi mwa izo inali cilengezo ca nchito: sitolo ina ifuna acinyamata otsiliza Grade 12, tumani K150 pa mobile money kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa intavyu.

Patapita masiku anayi, mayi wa pa nyumba yoyandikana na mnzathuyo anabwela madzulo, natipeza tonse tili khale panja. Mwana wawo wamkazi, amene anatsiliza sukulu caka capita, anali atatuma K150 ija. Inali ndalama ya malasha na ndiwo. Nambala imene anatumako inali yozima.

"Amayi, ise tinangosheya cabe," mmodzi wa ife anatelo. "Si ndise tinalemba."

Iwo sanakweze mawu. Anati, "Ana anga, mwana wanga samudziwa munthu amene analemba. Adziwa imwe. Dzina limene anaona pamwamba ni la ndani?"

Tinasowa coyankha. Tinasonkhelana K150 n'kukapeleka m'mawa mwake, tili na manyazi ngati ana ogwidwa na dzanja mu poto. Titauza ba admin, anamucotsa munthu uja mu gulu, n'kulemba kuti aliyense aziyang'ana yekha zimene asheya. Anakamba zoona. Koma lamulo la ma link asanu pa ola limodzi, na screenshot pamwamba, silinali kusiyila munthu mpata woyang'ana.

Pamene tinalakwitsa ni pa kuyelekezela na cilimba. Mu cilimba ca amayi athu, K100 ni K100, kaya waipeleka mokondwa kapena monyinyilika. Igula ufa wofanana. Share si yotelo. Imakhala na phindu kokha ngati woipeleka waona cinthuco ndipo wacikonda, moti angaimilile kumbuyo kwake. Komanso amayi amaika ndalama yawo, ya thukuta lawo, pakati pa anthu amene adziwana nyumba na ana. Ife tinali kuika cikhulupililo ca abale athu, ca anzathu a ku chalichi na ca maneba, n'kucipeleka kwa anthu amene sitinawaonepo nkhope. Tinali kulipila na cinthu cimene tinacipeza m'zaka zambili, pogula manambala a usiku umodzi.

Sitikamba kuti kuthandizana n'koipa. Wacinyamata wa mu komboni alibe ndalama yolipila boost, ndipo palibe wailesi imene idzamufuna-funa. Amene ali naye ni anzake. Cimene tinasintha ni mmene timathandizilana.

Manje tili na kagulu ka anthu 9, onse odziwana maso na maso. Muli woimba wa ku Kanyama, mtsikana wosoka wa ku Chilenje, wojambula mafoto, na ena. Palibe nthawi yoikika ndipo palibe screenshot. Usanasheye, uwelenga kapena umvetsela mpaka kumapeto. Ukasheya, ulembapo mawu ako-ako ofotokoza cimene cakukondweletsa. Ndipo uli na ufulu wokana, malinga uuze mwini wake cifukwa cake. Lamulo lotsilizali ndilo lovuta. Woimba uja anatiuzapo kuti nkhani yathu ina inali yaitali popanda cifukwa, ndipo saisheya. Tinakhumudwa masiku awili. Titaiwelenganso, tinaidula pakati.

Ma like anatsika, manje amasewela pa 25 kapena 30. Koma mwezi watha bambo wina anatitsutsa pansi pa nkhani ya maminibasi. Anati iye wagwila ukondakita zaka zambili, ndipo si onse amene amaiwala cenji mwadala, nthawi zina ndalama zing'ono-zing'ono zimasowadi. Analemba ndime zitatu. Tinaziwelenga mokweza, mmodzi-mmodzi, tikumwetulila, cifukwa munthu sangakutsutse conco ngati sanakuwelenge.

Mtsikana wa pa neba uja akali kufuna nchito. Timapatsana moni bwino-bwino tikakumana pa pompi. Pa ulendo wina tinamufunsa ngati anaona nkhani yathu yatsopano, ndipo anaseka pang'ono n'kunena kuti ma link ocokela kwa ife sawatsegula. Sitinamukakamize. K150 tinabweza tsiku limodzi, koma ici tikali kubweza.