Za Kupatsa Odwala Mankhwala pa Nthawi Yace

Ziripo nchito zina zimene phindu lace lioneka msanga, monga kuumba njerwa kapena kupalira munda, pakuti dzuwa likapendeka munthu aceuka naona pamene wafika. Koma nchito ya kusunga munthu wa nthenda yokhalitsa siitero. Woigwira alawira m'mamawa, napatsa mbulu umodzi, nabwerezanso madzulo, miyezi ndi zaka, popanda womyamika. Koma tsiku limene aiwala ndilo limveka mudzi wonse. Tifuna kuceza ndi iwo amene angoyamba kumene nchito iyi kuno kuseri kwa phiri la Mulanje, ndiwo ana athu otsiriza maphunziro a unamwino, ndi inunso abale ndi alongo amene muli ndi wodwala m'nyumba. Ife zipangizo zathu ndi belu, kaundula ndi coko. Koma zaka zambiri za m'sukulu zatiphunzitsa kuti cinthu cabwino cocitika pa nthawi yolakwa citaya theka la ubwino wace.

Kufikira caka ca 1998 dziko lino la Phalombe linali pansi pa boma la Mulanje, ndipo zaka zambiri odwala athu anadalira cipatala ca mishoni ca Holy Family, kumene kulinso sukulu ya anamwino. Akuru akumbukira kuti kale munthu popita ku cipatala anali kuyembekeza cimodzi ca ziwiri, kucira msanga kapena kufa. Lero zasintha. Kuyambira caka ca 2004, pamene boma linayamba kugawa mankhwala a ARV kwaulere, anthu ambiri amene tikadawalira kale ali moyo, alima nandolo ndi mpendadzuwa, naphunzitsa ana ao. Koma moyo umenewo upacikika pa mbulu wa tsiku ndi tsiku. Onjezanipo a nthenda ya shuga, a kuthamanga kwa mwazi, a khunyu, akufa ziwalo ndi a khansa, ndipo mudzaona kuti kusunga nthawi ya mankhwala kwasanduka nchito ya m'midzi yonse, kuyambira ku Migowi ndi ku Chiringa kufikira ku Nkhulambe.

Nanga nthawi iri nayo kanthu kanji? Mai ali yense wophika nyemba adziwa yankho. Moto ukazima pakati nyemba zikwinya, ndipo ngakhale aunjikepo nkhuni zambiri pambuyo pace, angopsereza mphika. Mankhwala nawonso alowa m'mwazi, nagwira nchito, natha pang'ono pang'ono. Cotero mbulu waciwiri uyenera kufika woyamba usanathe mphamvu. Dokotala akalemba kuti kawiri pa tsiku, atanthauza kuti papite maora 12, monga 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Akalemba katatu, pa mankhwala ambiri ndiye kuti papite maora 8: pa 6 m'mawa, pa 2 masana, ndi pa 10 usiku. Amene apatsa mibulu itatu yonse dzuwa lisanalowe asiya wodwala wace usiku wonse wopanda cothandiza.

Makolo athu anayesa nthawi ndi dzuwa, koma ife okhala patsinde pa phiri dzuwa litinyenga. Midzi yina liceza kuseri kwa Michesi nilicedwa kuoneka, yina libisala msanga. Ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ciperoni cikakuta phiri, munthu atha tsiku lonse wosaliona. Cifukwa cace timangirire nthawi ya mankhwala pa cinthu cosasuntha, kaya ndi wochi, kaya ndi belu la m'foni, kaya ndi nkhani za pa wailesi, kaya ndi belu la sukulu yoyandikana nayo.

Tsono timve inu anamwino atsopano. Tiyeni tiwerenge samu monga m'kalasi. Mukakhala ndi odwala 30, ndi kutha mphindi 3 pa munthu mmodzi, mwatha ola limodzi ndi theka. Mukaiwala kapu, kapena madzi, kapena colembera, ndi kubwerera kukatenga kasanu, wodwala wotsiriza adzalandira mankhwala a m'mawa dzuwa liri pamutu. Nthawi yambiri sitayika pa kama wa wodwala, itayika m'njira. Mphunzitsi wanzeru akonza phunziro lace ana asanalowe. Momwemo inunso, musanayambe kuzungulira, khalani pansi muwerenge makadi onse, muone amene mankhwala ao asinthidwa, muike zonse zofunika pamodzi, ndi kusamba m'manja. Yambani ndi iwo amene nthawi yao siilola kudikira: a ululu waukuru, a shuga amene cakudya cao cayandikira, ndi a khunyu. Zimene zingathe kudikira, monga kuyala zofunda kapena kuyankha mlendo, muzilembe pa kapepala, muzicite mutatsiriza. Pakuti munthu woitanidwa mankhwala ali m'dzanja ndiye asokoneza mibulu.

Pa kama ali yense mudzifunse mafunso asanu: kodi munthu ndi yemweyu, mankhwala ndi omwewa, muyeso ndi womwewu, nthawi ndi yomweyi, ndi njira yace ndi yomweyi, yakumwa kapena ya jakisoni? Ife a kaundula tidziwa kuti m'kalasi imodzi mukhoza kukhala ana atatu a dzina limodzi. Musati, "Ndinu amai Uje?" pakuti nkhalamba yosamva bwino, kapena yozolowera Cilomwe, idzangobvomera mwa ulemu. Koma muwerame ndi kufunsa kuti, "Agogo, dzina lanu ndani?" ndipo iwo alichule okha. Musasiye mbulu pambali pa kama ndi kupitirira. Imani kufikira wameza, pakuti mibulu yambiri yapezeka pansi pa mtsamiro. Ndipo mulembe pomwepo mutangopatsa, si musanapatse ai, kapena madzulo poyesa kukumbukira. Cosalembedwa mnzanu wa usiku adzaciyesa cosapatsidwa, nadzapatsanso. Akuru anati kuthamanga si kufika.

Mankhwala ali ndi makhalidwe osiyana monga ana a sukulu, ndipo wowasunga ayenera kudziwa khalidwe la ali onse. A ARV afuna ola lomwelo tsiku liri lonse, pakuti munthu akamadumphiza, kacirombo kaphunzira kuwapirira. A cifuwa cacikuru amwedwa miyezi 6 yathunthu, ndipo bvuto lace ndi lakuti munthu apeza bwino pa mwezi waciwiri naganiza kuti wacira. Akaleka, nthenda ibwera yolimba koposa. A kuthamanga kwa mwazi samwedwa tsiku la mutu lokha, cifukwa nthenda imeneyi iyenda mwakacetecete kufikira igwetsa munthu. A khunyu salekedwa dzidzidzi. A shuga ayenda pamodzi ndi cakudya; wodwala akamwa koma osadya, nayamba thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka, mumpatse msanga madzi a shuga ngati akhoza kumeza, ndi kumfikitsa kwa a cipatala. Ndipo morphine wamadzi, amene apatsidwa kwa a khansa, amwedwa maora 4 ali onse. Musadikire kuti munthu ayambe kubuula, pakuti ululu utsekeredwa pakhomo usanalowe. Mankhwala amenewa aumitsa m'mimba, cotero mufunsenso ofewetsa.

Nthawi ikapitirira, musapatse mibulu iwiri pamodzi kuti mubweze ngongole, ndiponso musabise. Nenani kwa mkuru wa nchito, kapena kwa mlangizi wa za umoyo wa m'mudzi mwanu. Namwino watsopano acita manyazi kufunsa, poopa kuti adzamyesa wosaphunzira. Koma safunsa anadya phula, ndipo pa nchito iyi wakudya phulayo ndiye wodwala.

Kwa inu a kunyumba tinena izi. Pakhale munthu mmodzi wodziwika amene asunga mankhwala, ndi wina womlowa m'malo akacoka. Pakuti pamene onse apatsa, tsiku lina wodwala alandira kawiri, tsiku lina osalandira konse. Mwana wa sukulu akulembereni mizere m'kope, masiku kutsika pansi ndi nthawi kupingasa, ndipo mucongemo mukangopatsa. Wosadziwa kulemba aike njere za cimanga m'mbale m'mawa monga mwa ciwerengero ca nthawi, nacotse imodzi imodzi. Mankhwala akhale m'cikutu cao comwe anadzera, pamalo pouma, posafika ana. Wodwala wosakhoza kudzitembenuza mumtembenuze maora awiri ali onse, kuti asacite zironda za pamsana. Ndipo mukalumikiza kutembenuza, kumwetsa madzi ndi mankhwala pa ulendo umodzi, mudzapeza mpata wa kumunda ndi wa kugona.

Ndi ife a mumpingo tiri nao mbali yathu. Tizolowera kudza kudzazonda odwala tonse pamodzi tsiku la Sabata, nyumba nidzala, ndipo masiku asanu ndi limodzi otsalawo mai wosunga wodwala akhala yekha. Kukadakoma tikadagawana masiku, wina kudzatunga madzi Lolemba, wina kudzakhala ndi wodwala Lacitatu kuti mwini apite ku cigayo, wina kubwereka njinga tsiku la kukatenga mankhwala. Wosunga wodwala akatopa ndiye aiwala, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Catsala cimodzi, cimene ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa kawiri. M'mwezi wa Marichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi nasesa midzi. Ndipo m'Marichi 2023 namondwe Freddy anadula miseu ndi milatho, anthu nathawa usiku opanda kanthu m'manja, mabuku a ku cipatala ndi mankhwala zitapita ndi madzi. Cotero dzinja likayandikira muwerenge mibulu yotsala, musadikire tsiku lomariza. Pitani ku cipatala mitsinje isanadzale. Buku la ku cipatala ndi mankhwala muzimange m'pepala la pulasitiki, pamalo pamene dzanja lifika ngakhale mumdima. Ndipo wodwala ndi womsunga aloweze pamtima dzina la mankhwala ndi muyeso wace, kuti buku likatayika akathe kunena kwa namwino ali yense.

Abale, m'sukulu tiona kuti mwana wopambana si wanzeru zoposa masiku onse, koma iye amene dzina lace liyankhidwa m'kaundula tsiku ndi tsiku. Odwala athu afuna anthu otere, amene 6 koloko ikakwana aoneka pakhomo ndi kapu ya madzi m'dzanja.